Mazinga a mavalavu a okosijeni akudyana, tiwakute ndi chani?

Fita wa pa Plant: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi vuto pa rampu yathu yodzazira masilinda a okosijeni kuchipatala kuno. Mavalavu a sitenilesi 316 otsegula pang'onopang'ono aja, sitemu yake (kandodo ka mazinga kotsegulira valavu) ikumalimba mpaka kufuna manja awiri, ndamasula imodzi ndapeza mazinga adyana, chitsulo chachita kunyotsoka mbali iyi nkukamatirira mbali inayo. Presha timafika 150 bar. Wina wandiuza kuti ndikaikitse hard chrome (kukuta ndi chromium wolimba) pa sitemupo zitheretu. Amene munagwirapo zimenezi mukuti bwanji?

Wa Welding: Paka kagirizi pang'ono aise nkhani yatha kkkkk

Mayi Biomed: Ayi ayi. Achimwene a welding fufutani meseji imeneyo chonde, pagulu pano pali ana a attachment atha kuyesa mukunena zoona.

Wa Welding: Ndimaseka mayi, ineyo olo geji ya pa botolo langa sindiigwira ndi manja a oyilo

Mayi Biomed: Kwa amene sakudziwa chifukwa chake. Okosijeni payekha sayaka koma amayatsa china chilichonse, ndipo presha ikakwera ndi zitsulo zomwe zimasanduka nkhuni. Mukatsegula valavu mwachangu, mpweya wa 150 bar ukalowa mu paipi yomwe munali 1 bar, kumapeto kotsekeka kuja mpweya umapanikizika kamodzinkamodzi ndipo pa masamu kutentha kumatha kupitirira madigiri 900. Ndi kwa kanthawi kochepa zedi koma girizi wamba safuna zonsezo, pansi pa madigiri 300 wayaka kale. Girizi akayaka amayatsa siti ya pulasitiki (pokhalira sitemu valavu ikatsekedwa), siti imayatsa chitsulo, zonsezi musanachotse ndi dzanja lomwe pa handulo.

Madala a Lathe: Mwana wanga wa pa plant, tiyambe ndi chifukwa chimene zadyanirana, tisanathamangire mankhwala. Sitemu ndi 316, nanga boneti imene sitemuyo imayendamo ndi chitsulo chanji?

Fita wa pa Plant: Nayonso 316 madala, bodi yonse

Madala a Lathe: Basi vuto lanu ndi limenelo. Sitenilesi sachita dzimbiri chifukwa pamwamba pake pali kakhungu kopyapyala kwambiri ka chromium oxide, kosaoneka ndi maso. Mukapanikiza sitenilesi pa sitenilesi mnzake n'kumapotokola, kakhungu kaja kamang'ambika, zitsulo zamaliseche zimakumana, ndipo poti n'zofanana mtundu komanso kulimba, zimawotcherana zokha popanda moto. Mukapotokolanso mumang'amba pamene zagwirana paja, kachibuluma kamasamukira mbali inayo, kenako kamakanda njira yonse. Aliyense amene anamangapo bauti ndi nati za sitenilesi zouma akudziwa, zimafika poti sipanala siyendanso kutsogolo kapena kumbuyo, mpaka kudula ndi sowo. Tsono inu mu okosijeni mwachotsa mafuta onse dala, ndiye n'kosavuta kuti zichitike.

Fita wa pa Plant: Nde chrome ija siithandiza? Poti ndiyolimba

Wa ku Joni: Man ndayiona mochedwa iyi ndinali pa shifiti. Ine ntchito yanga kuno ndi yomweyi ya puletingi ndi kukonza mavalavu nde mundimvetse bwino, hard chrome pa mazinga a valavu ya okosijeni musayerekeze. Kulimba inde ndiyolimba, imafika 800 mpaka 1000 pa sikelo yoyezera kulimba ya Vickers pamene 316 wanuyo ali cha mma 150 mpaka 200, koma chrome imabadwa ndi timing'alu tambirimbiri tosaoneka, pa rodi ya hydraulic timing'alu timeneto ntothandiza chifukwa timasunga oyilo, nde tangoganizani timing'alu tosunga oyilo mu okosijeni, mungatsuke bwanji mpaka mkati mwake? Chachiwiri chrome imaikidwa ndi magetsi nde imaunjikana pansonga pa zinga, mkati mwa zinga mumalowa yochepa, pansonga paja nde pamathetheka. Chachitatu chomwe chili chachikulu, pansi pake pali chitsulo chofewa, mukamanga valavu mwamphamvu chapansicho chimabonyoka, chrome singapindike nayo imangosweka nkumasupuka tizidutswa. Kachidutswa kamodzi kakatengedwa ndi mpweya wothamanga nkukamenya pa kona ya paipi kapena pa siti ya regyuleta, ndi machesi amenewo.

Mayi Biomed: Mfundo imeneyo ndi yomwe anthu ambiri saiona. Timaganiza za kutha kwa chitsulo ngati nkhani ya ndalama za sipeya, koma mu okosijeni funso ndi lakuti zomwe zaperepesekazo zapita kuti.

Fita wa pa Plant: Eeh ndiye zija zanyotsoka kale pa sitemu zija zili mu laini

Wa ku Joni: Zili momwemo man, tibwererako ku zimenezo. Pa funso lanu, njira zomwe ife timaona zikugwira zilipo. Yoyamba siliva. Tengani nati ya fitting (cholumikizira machubu) ya kampani ya Swagelok ya sitenilesi muisuzumire mkati, mazinga ake amaoneka otuwirako mosiyana ndi kunja, ndi siliva ameneyo, anaikamo dala kuti nati isadyane ndi bodi. Siliva ndi wofewa nde amangotsetsereka pakati pa zitsulo ziwirizo ngati ndi mafuta, sayaka wamba mu okosijeni, ndipo olo atanyotsoka si kachidutswa kolimba kothetheka moto. Kuipa kwake amatha, pa nati yomanga kamodzi pa chaka ali bho koma pa sitemu yotsegula tsiku lonse adzaperepeseka ndithu.

Wa ku Joni: Yachiwiri ndi yomwe ine ndimaikonda pa sitenilesi, kulowetsa kaboni mkati mwa khungu la chitsulo pa moto wochepa, pansi pa madigiri 500. A kampani ya Bodycote amaitcha Kolsterising. Apa simukumata chinthu pamwamba ayi, chitsulo chomwecho ndi chomwe chikulimba kulowa mkati ma micron 20 mpaka 40 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita), kulimba kumadutsa 1000 Vickers, saizi sisintha nde mazinga amalowabe bwinobwino, ndipo palibe choti chisupuke poti palibe chomatidwa. Ferrule (kamphete kogwira chubu mkati mwa nati) yakumbuyo ya Swagelok nayo amailimbitsa mwa njira ya mtundu womwewo, nchifukwa chake imaluma chubu. Yachitatu electroless nickel, nikeli wosakaniza ndi phosphorus woikidwa popanda magetsi, ameneyu amagona mofanana paliponse olo mkati mwa bowo, amatuluka cha mma 500 Vickers ndipo mukamuotcha pa madigiri 400 kwa ola amafika pafupi ndi 1000, koma naye ndi womata, ngati shopu sinakonze bwino sitenilesi isanamuike amamatuka ngati wina aliyense.

Wa Welding: Nde zonsezi ku Kanengo kapena ku Ginnery Corner zilipo? kkkk

Wa ku Joni: Kolsterising iwalani, olo kuno timachita kutumiza. Ndimangofuna adziwe chofunsa akamaoda valavu yatsopano.

Mwana wa ku MUBAS: Akuluakulu ndilowererepo pang'ono, project yanga inali yoyandikira zimenezi. A NASA ali ndi malo oyesera ku White Sands, New Mexico, kumene amayesa zitsulo mu okosijeni wa presha. Test imodzi ndi yofanana ndendende ndi kupekesa moto kwa makolo kuja. Amatenga timachubu tiwiri ta chitsulo, kena kokhazikika kena kozungulira mwaliwiro, amatigunditsa kumapeto mkati mwa chemba ya okosijeni cha mma 69 bar, nkumaonjezera kukanikiza pang'onopang'ono mpaka chitsulo chiyake, kenako amalemba kuti chayaka pa kukanikiza kuchulukitsa ndi liwiro kochuluka bwanji. Titanium ndi amene amayaka msanga kuposa onse, aluminiyamu amatsatira, masitenilesi ali pakati, ndipo pamwamba pali zitsulo za nikeli wambiri monga Nickel 200 ndi ma Inconel ena. Chinanso chomwe anaona nchakuti mukakhulanitsa zitsulo ziwiri zosiyana, kawirikawiri chofookacho ndi chimene chimalamula nthawi yoyaka.

Madala a Lathe: Pitiriza mwana wanga, nanga zokutira zija amati bwanji?

Mwana wa ku MUBAS: Mmene ndinamvera ine madala, kotingi imachepetsa kukhulana, ndiye kutentha kumachedwa kukwera, zimenezo nzoona. Koma kotingi ndi ma micron ochepa chabe, ikaperepeseka mwatsala ndi chitsulo chanu chomwe chija. Nchifukwa chake poyeza ngati chinthu chili bwino mu okosijeni amayang'ana chitsulo chapansicho ngati kuti kotingi palibe. Pali test ina ya bungwe la miyezo la ASTM, nambala G124, amapachika kandodo ka chitsulo ka mamilimita 3.2 nkukayatsa kumunsi kuti aone ngati moto ukwere. Aluminiyamu amapsa pa presha ya ma bar awiri atatu okha, 316 amayamba kupsa cha mma 35 bar, Monel 400 (chitsulo cha nikeli ndi mkuwa) olo pa 690 bar moto umazima wokha. Ndiye pa 150 bar pa rampu ya achimwenewa, 316 yopyapyala ikangoyatsidwa ipsa, kaya mwaikuta ndi siliva kaya ndi golide.

Fita wa pa Plant: Koma mukundiopsa tsopano, plant yonse ndi sitenilesi

Mayi Biomed: Musaope, sitenilesi amagwiritsidwa ntchito padziko lonse pa presha imeneyo. Nkhani ndi yakuti poti angathe kupsa, ntchito yonse imakhala yoonetsetsa kuti pasapezeke choyatsa: ukhondo, mafyuluta, kutsegula pang'onopang'ono, ndi liwiro la mpweya. Mu malangizo a EIGA (bungwe la makampani a mipweya ku Ulaya) a mapaipi a okosijeni, pa malo amene mpweya umamenya chitsulo mwachindunji, pakati pa 100 ndi 200 bar liwiro lisadutse mamita 4.5 pa sekondi ngati chitsulocho ndi chotha kupsa. Mkati mwa valavu ya singano mpweya umathamanga kuposa pamenepo kutalitali, nchifukwa chake pamalo ngati amenewo amakonda buraasi kapena Monel.

Wa Welding: Apa nde ndamvetsa chifukwa chake mavalavu a pa botolo ndi mageji athu onse ali a buraasi, ine ndimayesa nkutchipa

Mwana wa ku MUBAS: Si kutchipa akulu. Mkuwa ukamapsa umatulutsa kutentha kochepa, cha mma 2.5 kJ pa gramu, ayironi cha mma 7, aluminiyamu 31. Ndiye moto wa pa mkuwa umalephera kudzidyetsa wokha.

Madala a Lathe: Tsono ine ndinene za ku workshop. Mankhwala akale a kudyana, tisanamve za ma micron, anali osavuta: osaika zitsulo ziwiri zofanana kuti zikhulane. Sitemu ya sitenilesi iziyenda mu nati ya bronze, kapena sitemu ya Monel K-500 mu bodi ya buraasi. Chofewacho chimatha pang'onopang'ono mwaulemu, sichiwotcherana ndi chinzake. Koma bronze wake akhale wa tini, uja timati phosphor bronze, osati aluminium bronze, ameneyo dzina lokha likukuuzani chimene chili mkatimo. Mavalavu abwino amapangidwanso mwakuti mazinga ali kunja, kuseri kwa packing (chotseka kuti mpweya usatulukire pa sitemu), osakhudzana ndi mpweya, ndipo nsonga ya singano siizungulira pa siti, imangotsika n'kukhala. Pa mavalavu akuluakulu siti amaiwotcherera Stellite, ya cobalt ndi chromium ija, imeneyo simatuka chifukwa yasungunukira limodzi ndi chitsulo. Palinso sitenilesi wina, Nitronic 60, anapangidwira dala kuti asamadyane.

Fita wa pa Plant: Madala nde mungandisemere nati ya bronze ndikabweretsa sampulo?

Madala a Lathe: Kusema ndingaseme, lathe sikana.

Mayi Biomed: Pepani madala ndi ulemu wonse, apa ndikana ine. Mpweya umenewu ukupita m'mapapo mwa wodwala ndipo valavu imeneyo inayesedwa ngati chinthu chimodzi, ndi siti yake, packing yake, mafuta ake. Mukasintha chimodzi palibenso amene angaikire umboni. Tsiku lomwe kudzachitike ngozi funso loyamba lidzakhala lakuti anakuuzani ndani kuti musinthe.

Fita wa pa Plant: Mayi mukunena zoona koma mukudziwa mmene zimakhalira, requisition ikapita kumaofesi mumva za forex miyezi nkumatha, pamene ku ward akufuna masilinda lero. Chichokereni covid ija ma plant achuluka mzipatala koma ndalama ya masipeya palibe amaiganizira, amaona ngati makinawa amadzisamala okha

Mayi Biomed: Ndikudziwa bwino lomwe. Koma pa rampu muli mapoyinti angapo, tsekani amene adyanawo muwapulage, mudzaze ndi otsalawo olo zichedwe. Kuchedwa kuli bwino kusiyana ndi valavu yoyeserera pa 150 bar pafupi ndi nkhope yanu.

Madala a Lathe: Amayiwa akunena zoona, za kuchipatala n'zina. Ine ndimanena za nzeru yake, kuti pogula adziwe chofuna.

Wa Welding: Nanga mafuta aja oyera okwera mtengo aja amati ndi a okosijeni, ndi bodza?

Wa ku Joni: Si bodza, alipo, a mtundu wa PFPE, mayina ake Krytox, Fomblin, Christo-Lube. Mulibe hydrocarbon, ndi kaboni, fluorine ndi okosijeni basi nde sayaka wamba. Koma awiri awa muwagwire, si Krytox aliyense, muone giredi yake ngati inayesedwa pa presha yanuyo, ndipo mumapaka kochepetsetsa koti kungonyezimira, mukaunjika amagwira fumbi ndi tizitsulo tija. Pali enanso a CTFE, amenewo pa mazinga a aluminiyamu saloledwa chifukwa akakhulana mwamphamvu amatha kuphulika. Ndipo mafutawa amateteza zinga labwino, lodyeka kale silibwerera.

Wa Welding: Spray ya moly bwanji, ija youma ija

Wa ku Joni: Ya mu chitini ya ku hardware ayi, muli solventi ndi zomatira zoyaka. Moly weniweniyo, ufa woterera wa molybdenum disulphide (MoS2), amagwira bwino kwambiri mu vacuum nchifukwa chake ma satellite amamukonda, koma mu okosijeni ndi chinyezi amasanduka oxide nkusiya kuterera. Ilipo mitundu yochita kuotchera mu uvuni yomwe inavomerezedwa koma imeneyo imabwera ndi pepala lake.

Mwana wa ku MUBAS: Achimwene a ku Joni nanga zokutira za DLC (kaboni wolimba ngati dayamondi) ndi titanium nitride (TiN)? Mu mapepala amazitama kwambiri

Wa ku Joni: TiN ndi ija yagolide ya pa ma drill bit, yolimba kudutsa 2000 Vickers koma ma micron awiri atatu okha, pa chitsulo cholimba kale ili bho, pa 316 wofewa nkhani yake ndi yomwe ija ya chrome, pansi pakabonyoka pamwamba pasweka, ena amayamba alimbitsa kaye chapansicho ndi nitriding (kulowetsa nitrogen mu chitsulo) kenako nkuika TiN. DLC nde ndi kaboni aise, mu injini momwe muli oyilo imachita zodabwitsa koma mu okosijeni wouma pokhulana paja pakatentha kaboni amadyedwa ndi okosijeni yemweyo, kuterera kuja kumachepa. Sindikuti saigwiritsa ntchito koma ine kasitomala atabwera nayo ndingamufunse kaye lipoti la test ya pa presha yake.

Mwana wa ku MUBAS: Nkhani imeneyi inawazunza ndi a ma rocket omwe. Pampu ya okosijeni wamadzi pa injini ya Space Shuttle, ma bearing ake anali a chitsulo cha 440C ndipo mafuta sakanaika, ndiye kuterera kumachokera ku khola logwira timipira tija lomwe linali la nsalu ya galasi yosakaniza ndi PTFE (Teflon, pulasitiki woterera uja), timipira tikamazungulira timatengako PTFE pang'onopang'ono nkumapaka munjira mwake. Ankatha msanga moti pampu ankaichotsa pafupipafupi. Pampu yatsopano ya Pratt & Whitney yomwe inauluka koyamba mu 1995 pa ulendo wa STS-70 inabwera ndi timipira ta silicon nitride, ceramic pa chitsulo, zomwe madala anena zija zosakhulanitsa zofanana. A ku Russia pa injini ngati RD-170 momwe mumadutsa okosijeni wotentha wa presha yoopsa, anagwiritsa zitsulo za nikeli nkuzikutanso ndi zokutira zoteteza mkati, ndipo aku America kwa nthawi yaitali ankaona ngati injini yotero singatheke, mpaka anayamba kugula RD-180 ya roketi yawo ya Atlas.

Wa Welding: Ife tikukamba za rampu ya pachipatala uyu watifikitsa kumwezi kkkkk

Mayi Biomed: Musiyeni mwanayu, zimagwirizana. Mu April 1980 ku Johnson Space Center ya NASA suti ya mumlengalenga inayaka pa test, moto unayambira mu zida za okosijeni wa presha zomwe zinali za aluminiyamu, tekinishani anapsa, ndipo atafufuza anasintha nkuika Monel. Zomwezonso zinachitika kuzipatala. Mu 1999 a FDA ndi NIOSH, mabungwe a boma a zaumoyo ku America, anatulutsa chenjezo la maregyuleta a aluminiyamu, anali atalandira malipoti 16 a kuyaka kapena kuphulika m'zaka zisanu, anthu 11 atapsa kwambiri. Maregyuleta opepuka obiriwira aja timalandira ngati donation, muziona ngati mbali ya presha yaikulu mkati ndi ya buraasi.

Fita wa pa Plant: Si amakhala anodized amene aja? Ndimayesa zimateteza

Wa ku Joni: Anodizing ndi aluminium oxide, yolimba ndithu ndipo imathandiza kuti pasakandike, koma pa zinga ndi pa kona imakhala yopyapyala ndipo ikangobooka pansi pake pali aluminiyamu yemwe uja wa 31 kJ wa mwana wa MUBAS. Mtundu wobiriwirawo ndi utoto chabe wolowetsedwa mu anodizing, ndipo kawirikawiri uli kunja komwe mpweya sufikako nkomwe.

Admin: Ma galvanised ndi ma cadmium plated fittings nawonso asapezeke pa laini ya okosijeni chonde, ndawaonapo pa malo ena.

Wa ku Joni: Tibwerere pa tizitsulo tija ndinati tili mu laini. Man musangosintha valavu nkuyatsa. Zimitsani booster (makina okweza presha aja), tsitsani presha yonse, masulani chigawo chonse kuyambira pa valavu yodyekayo kupita kutsogolo, ma pigtail (timapaipi topita ku masilinda) omwe, mutsuke ndi sopo wa zitsulo wovomerezeka mmadzi otentha, mutsukuluze ndi madzi oyera, muumitse ndi nitrogen kapena mpweya wopanda oyilo, osati kompuresa ya matayala. Kenako kansalu koyera kosathothoka ulusi mupukute muone ngati kada, ndi tochi ya UV mu mdima, mafuta ambiri amawala koma si onse nde musadalire tochi yokha. Chomwe mwatsuka chilowe mu pepala la pulasitiki lotseka mpaka nthawi yomanga. Ife kuno chinthu chikachoka ku puletingi chimatsukidwanso chifukwa mabafa aja ndi manja a anthu zimasiya zake, ndipo valavu yoti ndi ya okosijeni imafika mu thumba losindikiza ndi chizindikiro choti yatsukidwa motsatira malangizo a katsukidwe a ASTM G93 kapena CGA G-4.1, ikabwera yamaliseche mu katoni ibwezeni.

Madala a Lathe: Aonenso fyuluta ya pambuyo pa booster. Ma ring a pisitoni aja ndi a PTFE osakaniza, amayenda ouma, ndiye akamatha amatulutsa fumbi lawo.

Fita wa pa Plant: Fyuluta ilipo madala, ya sintered bronze, ndiimasula mawa limodzi ndi ma pigtail. Achimwene a ku Joni nditumizireni ku inbox mmene ndingalembere spec ya valavu pa requisition, kuti a procurement asakagulenso ya madzi

Wa ku Joni: Ndilemba ndikaweruka, munditumizire chithunzi cha nameplate ndi saizi ya chubu, quarter kapena three eighths